Khutu pa Injini

Lamulungu loyamba la mwezi wa Novembala, kunja kusanayere bwino, ku Hyde Park mumzinda wa London kumasonkhana magalimoto mazana angapo omwe onse anapangidwa chaka cha 1905 chisanafike. Dzuwa likamatuluka amayamba kunyamuka pang'onopang'ono, kuwoloka mtsinje wa Thames n'kulunjika kumwera, ku Brighton, mtunda wa makilomita pafupifupi 97. Si mpikisano ayi. Wofika masana ndi wofika dzuwa litapendeka amalandira mendulo yofanana, bola akhale wafika nthawi yoikika isanathe. Ambiri mwa magalimotowa alibe denga, alibe galasi lakutsogolo, ndipo ena alibe n'chiwongolero chomwe: dalaivala amagwira chitsulo chachitali n'kumachikankhira uku ndi uku. Alipo oyendera petulo, a silinda imodzi, ogunda mwapatalipatali moti ukhoza kuwerenga kugunda kwake. Alipo oyendera nthunzi, odutsa mwakachetechete akusiya chifunga choyera m'mbuyo. Alipo ngakhale oyendera batire, zomwe zimadabwitsa anthu oganiza kuti galimoto yamagetsi yabwera dzulodzuloli.

Mwambowu unachokera patali. Mu 1865 boma la Britain linakhazikitsa lamulo loti chilichonse choyenda ndi injini pamsewu chisapitirire mamailosi 4 pa ola kunja kwa tauni ndi mamailosi 2 m'tauni, komanso kuti patsogolo pake pazikhala munthu woyenda pansi atanyamula mbendera yofiira. Za mbenderazo anazifewetsa mu 1878, koma woyenda pansiyo anakhalapobe mpaka 1896, pamene lamulo latsopano linakweza liwiro kufika mamailosi 14 pa ola. Pa 14 Novembala chaka chimenecho eni magalimoto anakondwerera ufulu wawo poyenda ulendo wa ku Brighton, atang'amba kaye mbendera yofiira, ndipo mpaka lero ulendowu usanayambe amang'amba mbendera. Ulendo wachikumbutso unayamba mu 1927. Mu 1930, ku Brighton komweko, anthu ochepa omwe anali atangomaliza ulendowo anagwirizana zokhazikitsa Veteran Car Club.

Chaka cha 1930 chimenecho n'chimene chimandiganizitsa kwambiri. Pa nthawiyo magalimoto omwe anthuwa ankawasamala anali ndi zaka pafupifupi 30 zokha. Sanali chuma. Anali zitsulo zotha ntchito, zokankhidwira kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo munthu wodutsa nazo pamsewu ankasekedwa. Omwe anazindikira kuti zinthu zimenezi zikatha sizidzapezekanso, anazizindikira zili pamtengo wa sikirapu. Kukonda chinthu chimene dziko lonse lavomereza kale kuti n'chamtengo wapatali n'kosavuta. Galimoto imakhala pangozi yeniyeni pazaka zapakatizo, itakalamba moti aliyense akuinyoza, koma isanafike poti wina n'kuivulira chipewa.

Ine ndimakhala kumwera kwa England kuno, ndipo tsiku limeneli ndimakonda kukaima pachitunda china kupitirira tauni ya Crawley, pomwe magalimoto ofooka amapuma movutikira. Chaka china kagalimoto ka De Dion-Bouton kanazima pakati pa chitundacho, pafupi penipeni ndi pomwe ndinaima. Munatsika bambo wachikulire ndi mdzukulu wake wamkazi. Sanachite phuma. Anaika chipika kuseri kwa tayala, bamboyo n'kuvula magolovesi, kugwira apa, kununkhiza apo, kumasula pulagi, kuipukuta ndi kansalu n'kuibwezera. Kenaka anauza mtsikanayo kuti agwire handulo alize injini. Asanazungulitse, agogo akewo anamugwira dzanja, n'kuchotsa chala chachikulu pomwe chinazinga chitsulo, n'kuchigoneka mbali imodzi ndi zala zinzake.

Ndinadziwa chomwe ankachita. Injini yoliza ndi handulo nthawi zina imabweza, ndipo ikabweza chala chachikulu chili chizingire chitsulo, chalacho chimathyoka, pena ndi mkono womwe. N'chifukwa chake sitata yamagetsi, yomwe inayamba kuikidwa pa Cadillac mu 1912, inalandiridwa ndi manja awiri. Koma za chalazo ine sindinaziwerenge m'buku. Amalume anga anandigwira dzanja chimodzimodzi ndili mnyamata, ku Ndirande, kutsogolo kwa Land Rover yomwe batire lake linali litatha mphamvu.

Amalume anali makaniko. Galaja yawo inali bwalo lakuda bii ndi oyilo, mtengo wokolekapo unyolo wokwezera injini, ndi bokosi lachitsulo la masipanala lomwe kiyi wake ankayenda naye m'chiuno. Ankakonza chilichonse chobwera, ma Land Rover, ma Datsun, malole a Bedford, koma mtima wawo unali pa Peugeot 404, makamaka yapikapu, yomwe masiku amenewo inkasenza matumba a chimanga, mabelo a fodya, nkhuni, odwala ndi maliro, ndipo ikatsitsa katundu inkasanduka matola. Galimoto ikalowa pabwalopo sankathamangira sipanala. Ankauza mwiniwake kuti asazimitse, iwo n'kutenga sikuludilaiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro pakhutu, n'kutsinzina. Nsongayo ankaisuntha pang'onopang'ono kuchokera kutsogolo kumka kumbuyo.

"Tabwera kuno mphwanga, tamvera apa. Ukumva chiyani?"

"Ndikumva phokoso basi, amalume."

"Phokosolo ndi la anthu odutsa mumsewu. Iwe mvera chomwe chikugogoda pansi pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'kupita kwa nthawi khutu langa linayambadi kusiyanitsa kaphokoso kopepuka ka mavavu ofuna kuchuna ndi kugunda kolemera kochokera pansi, komwe kumatanthauza kuti injini itsike basi. Mpata wa mapointi ankauyeza ndi kachikatoni ka paketi ya ndudu, galimoto n'kulira kamodzi kokha. Gasiketi ikasowa m'sitolo ankaidula okha papepala lolimba: kuligoneka pachitsulo, kugogoda m'mphepete ndi kahamala kakang'ono mpaka zibowo zonse zitatuluka pamalo pake. Sindikumbuka kuti anandifotokozerapo chilichonse mwa izi ndi mawu ambiri. Ankachita, ine n'kuyang'ana, kenaka n'kundipatsa hamala.

Ndipo 404 inkawalola kugwira ntchito motero. Inatuluka ku France mu 1960, thupi lake litajambulidwa ndi kampani ya Pininfarina ya ku Italy, injini yake ya 1618 cc itapendekera mbali imodzi, giya ili pachiwongolero. Masilinda ake anali mapaipi achitsulo otheka kuzulidwa, moti akadyeka sunkafunika kunyamula buloko yonse kupita nayo kwa eni makina akuluakulu. Unkazula akalewo, kulowetsa atsopano ndi mapisitoni ake, injini n'kubadwanso pansi pa mtengo. Ku France anasiya kupanga yasaluni mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kumanga 404 mpaka 1991, chifukwa Africa inali isanathane nayo.

Dzina lake linamveka pa East African Safari Rally, mpikisano womwe unayamba mu 1953 m'misewu yamatope ndi fumbi ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Mu 1963 mvula inawononga misewu moti magalimoto 7 okha ndi omwe anamaliza, ndipo patsogolo pa onsewo panali 404 ya Nick Nowicki ndi Paddy Cliff. Inapambananso mu 1966 ndi mu 1967 m'manja mwa Bert Shankland ndi Chris Rothwell ochokera ku Tanzania, ndiponso mu 1968. Komabe nkhani yomwe imandifika pamtima pa mpikisano umenewu ndi ya 1965, pamene Joginder Singh ndi m'bale wake Jaswant anapambana ndi Volvo PV544 yomwe inali itakhapidwa kale m'mipikisano ina, iwo n'kuigwetsa, kuikonza ndi kuimanganso okha. Mafakitale anabwera ndi magalimoto atsopano, koma anagonja kwa galimoto yakale yodziwidwa bwino ndi eni ake.

Kalabu yomwe ndimapitako kuno ndi ya okonda magalimoto akale a ku France. Yangayanga ndilibe, ndipo palibe anandifunsapo za zimenezo. Timakumana madzulo pabwalo loimikapo magalimoto kuseri kwa malo ena odyera, maboneti ali yasa, tochi zili m'manja. Wina amabwera ndi kabureta m'jumbo, kufuna kudziwa chifukwa chake ikusefukira. Wina wamva kuti kwinakwake kuli nkhalamba yomwe ikugulitsa zitseko ziwiri zopanda dzimbiri. Mayi wina, yemwe amayendetsa Citroën 2CV yomwe anasiyiridwa ndi bambo ake, ndiye amasunga buku la manambala a chesisi, momwe mwalembedwa galimoto iliyonse yodziwika, chaka chake, ndi manja omwe yadutsamo. Ntchito yaikulu ya kalabu ndi yosaoneka ngati imeneyi. Chipangizo china chikasoweratu padziko, mwachitsanzo labala lozungulira galasi lakutsogolo, mamembala amasonkherana ndalama n'kupempha kafakitale kakang'ono kuti kawapangire ochuluka nthawi imodzi, popeza palibe fakitale ingavomere kupanga limodzi lokha. Pali zida zapadera zomwe munthu angazifune kamodzi pa moyo wake wonse, ndipo kalabu imagula chimodzi n'kumabwereketsa. Pali kamagazini komwe munthu amene walimbana ndi vuto lina amalembamo momwe walithetsera, kuti mnzake asadzayambirenso pachiyambi. Makalabu akaphatikizana amakhalanso ndi mawu kuboma. Ku Britain galimoto yopitirira zaka 40 silipira msonkho wa pamsewu, ndipo siikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka ngati sinasinthidwe kwambiri.

Ku Beaulieu, komwe Lord Montagu anayambitsa nyumba yosungira magalimoto akale mu 1952, kumachitika msika waukulu wa zipangizo zakale kuyambira 1967. Nditafikako ndinangoti ndili mumsika wa Ndirande, mbali ya zitsulo ija: katundu woyalidwa pansi pachinsalu, nyali, mabawuti, ma distributor, zogwirira zitseko, wogula atanyonyomala akutembenuza kachitsulo kadzimbiri m'manja, wogulitsa akumuyang'ana m'maso kuti aone ngati akudziwa chomwe wagwiracho.

Zonsezi zinandionetsa kuti chomwe kalabu imasunga kwenikweni si chitsulo ayi. Chitsulo chikhoza kuima m'nyumba yotsekedwa zaka 100. Chomwe chimafa msanga ndi nzeru ya m'manja ndi m'khutu: kudziwa kuti bawuti iyi imamangidwa mpaka pati, kuti fungo ili ndi la kalachi osati la mabuleki, kuti injini iyi ikazizira imafuna uiponde kangati usanailize. Nzeru imeneyi silembedwa yonse m'mabuku a fakitale. Imakhala mwa anthu, ndipo imasamuka pokhapokha wamkulu ndi wamng'ono atawerama pa injini imodzi. Agogo aja pachitunda cha Crawley akanatha kuliza okha galimoto yawo mwamsanga, mzere wa anzawo ukuwadutsa. Anasankha kupereka handulo kwa mdzukulu.

Si zonse za chikhalidwe chimenechi zomwe ndimagwirizana nazo. Mu 2018 Ferrari 250 GTO inagulidwa paokushoni pamtengo wopitirira madola 48 miliyoni, ndipo mu 2022 Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya 1955 inapita pa mayuro 135 miliyoni. Galimoto ikafika pamenepo imasanduka nkhokwe ya ndalama. Ambiri ogula zoterezi amazitsekera m'zipinda zoyezedwa kutentha, poopa kuti kilomita iliyonse ichotsapo mtengo. Koma galimoto yosayenda imadwala: malabala amauma n'kung'aluka, mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, petulo amaola mu thanki, matayala amaphwanyika mbali yomwe agonera. Choipitsitsa n'chakuti mitengo ya pamwambayo imakoka ndi ya pansi yomwe, mpaka mnyamata wophunzira umakaniko, yemwe akanaikonda galimotoyo ndi kuidetsera manja, sangayandikire n'komwe. Palinso ena omwe amakonza galimoto mopitirira muyezo, kuipaka penti yonyezimira kuposa momwe inatulukira kufakitale, kuchotsa chilichonse chosonyeza kuti munakhalapo munthu, kenaka n'kumainyamula pangolo kupita nayo kuchionetsero. Ndimalemekeza khama lawo, koma ndikaima pafupi ndi galimoto yotero mtima wanga sugunda.

N'zosangalatsa kuti bungwe la padziko lonse la makalabu amenewa, FIVA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, linafika pa maganizo oyandikira amenewa. M'chikalata chake cha Turin Charter, chomwe chinayamba kugwira ntchito mu 2013, limalimbikitsa kuti magalimoto akale aziyenda pamsewu, ndiponso kuti zizindikiro za moyo womwe galimoto yadutsamo ndi gawo la mbiri yake, zosayenera kufafanizidwa mwachisawawa.

Anthu ena amaganiza kuti kukonda magalimoto akale ndi masewera a azungu olemera. Amalawi anzathu omwe ali ku South Africa amadziwa kuti sizili choncho. Inde kuli makalabu akale ngati Crankhandle Club ya ku Cape Town, komanso nyumba yosungira magalimoto ya ku Franschhoek. Koma kulinso anyamata a m'malokeshoni omwe amasamala Citi Golf, galimoto yomwe inapitirira kupangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009 pamene kwina konse inali itasiyidwa kalekale, ndi kapikapu ka Nissan 1400 komwe kanafika mpaka 2008. Ku Soweto BMW 325i ya m'ma 1980, yomwe amaitcha gusheshe, ili ndi ulemu woti galimoto yatsopano singaupeze. Anthu amenewa amakumana Lamulungu, kutsuka, kuyerekeza injini, kugulitsana zipangizo, kuphunzitsana. Ndi kalabu yomweyo, kungoti ilibe baji yamkuwa.

Nanga kwathu? Ma 404 omwe anadzaza misewu yathu, ma Land Rover a boma ndi a mishoni, ma Datsun 120Y, ma Bedford, anapita kuti? Yankho ndimalidziwa chifukwa ndinaona ndi maso. Tinawagwiritsa ntchito mpaka fupa. Galimoto ikafa inkapereka ziwalo zake kwa inzake yamoyo. Ekiselo yakumbuyo ndi matayala ake inkapita pangolo ya ng'ombe. Masipuling'i ankapita kwa osula, n'kubwerako ali nkhwangwa ndi zikwanje. Malata a thupi ankasanduka mbaula, matayala nkhwaira ndi malegeni, mawaya n'kugwera m'manja mwa ana omwe ankaumba nawo magalimoto awoawo oyendetsa ndi chiwongolero chachitali. Zotsala zinakwera malole a ogula sikirapu. Sindikuona cholakwa pamenepa. Munthu amene galimoto ndi munda wake sangaiimike m'nyumba kuti aziiyang'ana, ndipo palibe dziko lomwe linalemekeza chitsulo kuposa ife, omwe sitinatayeko n'kabawuti komwe.

Chomwe chimandipweteka ndi china. Amakaniko a m'badwo wa amalume anali ndi nzeru yomweyo yomwe makalabu a kuno amaisunga ndi mabuku ndi ndalama, ndipo anali nayo yochuluka, chifukwa iwo ankakonza opanda sitolo yoti n'kuthamangirako. Mu Seputembala 2021, petulo wosakaniza ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100 atakhala petulo wamba ku Britain, kukalabu kwathu kunali nkhawa yaikulu, poti ethanol amadya mapaipi akale a labala ndipo amakoka madzi mu thanki. Ndinawauza kuti ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo ma 404 ndi ma Land Rover ankayenda naye tsiku ndi tsiku. Anandizungulira ndi mafunso. Ankasintha chiyani? Kabureta ankaichuna bwanji? Ndinayankha zochepa zomwe ndinaona ndili mnyamata, za kusintha mapaipi asanang'aluke ndi kutsuka kabureta pafupipafupi. Munthu yemwe akanawayankha mokwanira anali atagona kale kumanda, ndipo nzeru zakezo palibe anazilemba.

Lero misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu yadzaza magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo makaniko wamakono amayamba ndi kulumikiza kamakina kuti kompyuta ya galimoto imuuze chomwe chavuta. Sindikunyoza zimenezi. Magalimoto amenewa amamwa mafuta pang'ono, salira movuta m'mawa, ndipo amateteza moyo pangozi kuposa 404 iliyonse. Achinyamata a ku Biwi ndi ku Ndirande omwe aphunzira mawaya ndi masensa, ena kudzera pa YouTube, ndi akatswiri m'njira yawo. Koma kamakina kamangonena zomwe kauzidwa kuti kazinena, ndipo m'galaja momwe khutu lasiya kugwira ntchito mumachuluka kusintha zipangizo mongoyesa, mwini galimoto akulipira chilichonse.

Malinga ndi FIVA, chimodzi mwa zoyenereza galimoto kutchedwa yambiri yakale ndi kukwanitsa zaka 30. Tikatengera zaka zokhazo, ndiye kuti Toyota Hilux, Hiace ndi Corolla za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zomwe zina zikadasenzabe anthu ndi katundu kwathu, zili pamsinkhu womwe magalimoto a ku Brighton anali nawo mu 1930. Zili pazaka zonyozeka zija. Sindikulota za zionetsero za kapinga wometa bwino. Ndikuganiza za chinthu chaching'ono chomwe tingachikwanitse: anthu ochepa m'tauni imodzi odziwana kuti uyu ali ndi 504 yoyenda, uyo ali ndi Land Rover yogona kuseri kwa nyumba, ndipo mdala wakutiwakuti ndi yekhayo wotsala wodziwa kuchuna pampu ya dizilo yakale. Kusonkherana timakudziwa kale, m'zipereganyu ndi m'mabanki a m'khonde. Foni yojambula ili m'thumba la aliyense. Mdala ameneyo akhoza kujambulidwa akugwira ntchito, akufotokoza m'Chichewa, mnyamata ataima pambali pake atagwira sipanala. Pabwalo la nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri paima sitima yakale yamalasha, ndipo ana asukulu amaizungulira mwachidwi. Pikapu yomwe inanyamula chimanga cha dziko lino kwa zaka makumi angapo ili ndi mbiri yosachepera pamenepo.

Kukalabu kwathu kunabwera pikapu ya 404 yomwe membala wina anaitanitsa kuchokera kum'mawa kwa Africa, popeza za ku Ulaya zambiri zinadyedwa ndi mchere womwe amathira m'misewu nthawi yachisanu. Inali yoyera mofiirira, penti itapsa ndi dzuwa padenga. Titagwada kuyang'ana pansi tinapeza kuti masipuling'i akumbuyo anawonjezeredwa chitsulo chimodzi mbali iliyonse, chosiyana m'lifupi ndi zinzake, chochokera pagalimoto ina. Pachesisi, pomwe panayamba mng'alu, wina anawotchererapo chigamba chokhuthala, atachidula mosongoka mbali zonse ziwiri m'malo mochidula chamakona anayi. M'kabini, pansi pa chiwongolero, munali kaswitchi ka magetsi a m'nyumba komwe kankayatsa fani ya radiyeta yoikidwa pambuyo pake.

Mkangano unabuka pomwepo. Bambo wina yemwe amadziwa nambala ya chipangizo chilichonse pamtima anati zonsezo zichoke, galimoto ibwerere momwe inatulukira kufakitale, chifukwa patsala zochepa zoti anthu adzaonerepo 404 yeniyeni. Mfundo yake inali yomveka, ndipo ananena mwachikondi. Mwiniwake anatembenukira kwa ine, podziwa komwe ndimachokera, n'kundifunsa maganizo anga. Ndinamulozera chigamba chija. Ndinati amene anachidula mosongoka ankadziwa kuti mzere wowotcherera wodutsa chopingasa pachesisi ndi pomwe mng'alu wina umayambira, choncho anafalitsa kulemera kuti kusagwere pamalo amodzi. Chitsulo chowonjezera pamasipuling'i chikunena kuchuluka kwa matumba omwe galimotoyi inkasenza, ndipo kaswitchi kaja kakunena za zitunda zomwe inkakwera kukutentha itadzaza. Ma 404 ofanana ndi a m'kabuku ka fakitale alipo ku Sochaux, m'nyumba ya Peugeot yosungira magalimoto ake. Koma yosonyeza chomwe galimoto imeneyi inali kwa anthu omwe anaidalira kwambiri, ndi momwe amakaniko awo ankaganizira, ndi iyi.

Sitinagwirizane tonse usiku umenewo, ndipo bambo uja mpaka pano amapukusa mutu akaona kaswitchiko. Mwiniwake anasintha mapaipi onse a mabuleki ndi a petulo, anamanga mawaya a fani mwatsopano n'kuikapo fyuzi, anaitana katswiri kuti ayeze chigambacho, ndipo atamva kuti n'cholimba anachisiya pamodzi ndi masipuling'i. Penti sanaikhudze, anangoipaka mafuta oteteza dzimbiri. Mayi wa buku la manambala uja analemba zosinthidwa zonse pansi pa nambala ya chesisi, n'kundipempha kuti ndilembe m'kamagazini ka kalabu momwe mapikapu amenewa ankagwirira ntchito kwathu, kuyambira kunyamula fodya mpaka matola. Pikapuyo tsopano ndi yomwe imanyamula matebulo ndi mahema a kalabu popita kumisonkhano ya m'chilimwe.